Jekete likhale pa msomali mpaka mvula igwe

Lero ndasiya kaye nkhani za mayeso ndi za kuchepa kwa mabuku. Ndikufuna tikambirane za kavalidwe ka ife amuna m'nyengo ino imene chisanu chatsazika koma mvula isanayambe, chifukwa zimene ndaona sabata yathayi zandikumbutsa manyazi anga akalekale.

Pa sukulu pathu pabwera mnyamata wina wochokera ku koleji kudzayeserera ntchito ya uphunzitsi. Ndi mwana waulemu, ndipo masamu amawadziwa. Lachiwiri nthawi ya buleki anandipeza mu sitafu rumu ndikuchonga makope. Anali atavala suti yakuda bii, m'kati mwake kajekete kopanda manja, tayi atamanga mpaka pakholingo, thukuta lili kamukamu. Anawerama n'kundinong'oneza kuti, "Madala, kodi pano amalola kuvula jekete?" Ine ndinati, "Achimwene, vulani msanga tisanakunyamuleni pa machira." Anavula akuyang'ana kuchitseko ngati waba nkhuku, ndipo kumsana kwa malaya ake kunali kutajambulika mapu a nyanja ya Malawi, kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi.

Ndinaseka, koma sindinkaseka iye. Zaka pafupifupi 20 zapitazo, nditangolandira dipuloma yanga, ananditumiza ku sukulu ina ya ku chigwa cha Shire. Ndinafika ndi suti imodzi yakuda ya pa kaunjika imene amalume anandigulira, nditalumbira mumtima kuti ana adziwa kuti kwabwera mphunzitsi. Anadziwadi. Tsiku lina mu Okutobala, piriyodi yachisanu, ndinawerama pa desiki ya mtsikana wina kuti ndimuonetse pamene analakwitsa. Thukuta la pachipumi linayamba kugwera pa kope lake, dontho pamwamba pa linzake, mpaka inki inafalikira tsamba lonse. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali "a Chizimalupsa", kamvula kaja kamene kamangotulukira mosayembekezereka kudzazimitsa lupsa. Dzinalo linandikakamira mpaka ndinasamuka, ndipo ena mwa ana aja, amene lero ndi makolo, akandiona m'tauni amalikumbukirabe.

Maganizo anga ndi awa, ndipo wofuna kutsutsa atsutse: kuyambira mu Seputembala mpaka mvula itakhazikika, mwamuna wa kuno kwathu angathe kutchena bwino lomwe, mwaulemu wake, popanda jekete. Ndalama imene timathira pa suti ikanapita pa malaya abwino a thonje ndi kwa telala, bwenzi tikuoneka bwino kuposa mmene tikuonekeramu.

Nyengo imeneyi ndi yachinyengo. M'mawa kumakhala kukuzizirabe, makamaka kumapiri monga ku Dedza, ku Zomba kapena ku Mzimba. Umadzuka 5 koloko, kamphepo kakulowa pa zenera, n'kuganiza kuti lero jekete likufunika. Pofika 10 koloko malata ayamba kuthetheka, ndipo dzuwa likamaswa mtengo, kalasi yopanda siling'i yokhala ndi ana 70 imasanduka uvuni wa njerwa. Ku Nsanje ndi ku Ngabu si zachilendo kutentha kupitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Ndiye pali fumbi. Misewu yauma, minda akusosa n'kutentha zinyalala, kamvuluvulu amangodutsa pa bwalo la asembule n'kukupaka katondo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Chovala chimene chinali bwino 6 koloko m'mawa chimasanduka chilango 1 koloko masana.

Wina anena kuti iyi ndi nkhani ya masewera. Ayi ndithu. Taonani zimene zimachitika m'makalasi buleki ikatha. Mphunzitsi amene akupsa m'kati mwa jekete sachedwa kupsa mtima. Sayendanso pakati pa madesiki, amakakhala pampando pafupi ndi khomo n'kupereka buku kwa mwana mmodzi kuti alembe manotsi pa bolodi. Ine ndinachitapo zimenezi, ndipo ndikudziwa kuti mapiriyodi angapo a masana ana anga anangowataya chifukwa cha chovala chimene ndinkaganiza kuti chikundipatsa ulemu. Anzathu aphunzitsi achizimayi anazindikira kalekale: diresi lopepuka la thonje, nsapato zolowa mphepo, ntchito n'kumayenda. Otsalira ndife amuna.

Nanga jekete tinalitenga kuti? Suti ndi chovala cha ku Mangalande, dziko la chifunga ndi mvula yowaza, ndipo ankaisoka ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa kuti munthu asamve kuzizira. Chodabwitsa n'chakuti atsamunda eni akewo atafika kumaiko otentha sanaumirire. Pa ntchito za masana ankavala akabudula a khaki, malaya a manja aafupi ndi zipewa zotchinga dzuwa. Nsalu ya khaki yomweyo inayambira ku India chakumapeto kwa zaka za m'ma 1840, pakati pa asilikali a Britain, ndipo dzina lake linachokera ku mawu a kumeneko otanthauza fumbi. Mwini suti anaivula, ife n'kuitola.

Koma amene anaikhomerera m'mitu mwathu ndi Kamuzu. Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala zaka zambiri ku Britain, ndipo atabwerera kumudzi mu 1958 ankaoneka pagulu atavala suti ya kajekete kam'kati, chipewa kumutu, litchowa kumanja, kaya kukutentha motani. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe lija la Decency in Dress Act, limene linaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo kwa amuna tsitsi lalitali linali mlandu. Lamulolo linathetsedwa mu 1993, koma mantha a kavalidwe anatsalira m'magazi. Bambo anga, amene anali kalaliki, sankapita ngakhale kokagula palafini opanda jekete. Anzathu oyandikana nawo anatenga njira ina. Kenneth Kaunda wa ku Zambia ankavala suti yake ya safari yopanda tayi, imene mpaka lero imadziwika ndi dzina lake, ndipo Nelson Mandela ankakumana ndi atsogoleri a maiko atavala malaya ake amaluwamaluwa osapisira. Palibe amene anati anthuwa achepa ulemu. Ngakhale zili choncho, mkanganowu sunathe mu Africa muno: mu Novembala 2023 sipikala wa nyumba ya malamulo ya ku Kenya, Moses Wetang'ula, analetsa aphungu kulowa m'nyumbamo atavala suti ya Kaunda. Pamene ku Japan, kwa anthu okonda suti kuposa ife, boma linayambitsa mu 2005 ndondomeko yotchedwa Cool Biz, yolimbikitsa a m'maofesi kusiya jekete ndi tayi kunyumba nthawi yotentha, kuti makina oziziritsa mpweya asamadye magetsi ambiri. Iwo makinawo ali nawo koma anavula. Ife tilibe ngakhale fani, koma tili nganganga.

Ndikudziwa zimene akuluakulu anzanga anene. Anena kuti mphunzitsi ndi galasi la ana, ndipo tikangomasula pang'ono, mawa wina abwera ndi jezi ya Manchester United ndi patapata. Mantha amenewa si opanda pake. Ndawaonapo aphunzitsi ena achinyamata akulowa m'kalasi ndi sikipa yolembedwa mawu a Chingerezi amene eni akewo sanawawerenge bwinobwino, buluku lothina ngati sokosi, akakolo ali pamtunda. Mwana amene tamubweza pa geti chifukwa sanapisire malaya amaona zimenezi, ndipo si wopusa. Kholo limene lagulitsa mbuzi kuti lilipire fizi likafika pa sukulu limafuna kuzindikira msanga kuti mphunzitsi ndi uti, mwana wa Fomu 4 ndi uti. Zonsezi ndikuvomereza. Chimene ndikukana n'chakuti mankhwala ake ndi jekete. Jekete lamakwinya, la mapewa ogwera m'mikono, lonunkha thukuta la milungu itatu chifukwa silichapika wamba, silipatsa munthu ulemu ngakhale pang'ono. Nthawi zambiri limangobisa malaya osasita.

Nkhani yaikulu ndi nsalu, ndipo apa m'pamene ambiri timataya ndalama. Thupi limadziziziritsa ndi thukuta, koma thukutalo limagwira ntchito likamauma, osati likamayenderera. Nsalu ya thonje imamwa thukuta n'kulola mphepo kudutsa. Poliyesita ndi pulasitiki, samwa madzi, choncho thukuta limangokhala pakati pa khungu ndi malaya, ndipo fungo limakakamira ngakhale mutachapa. Masuti ambiri otchipa onyezimira aja ndi a poliyesita kunja ndi m'kati momwe, chikomekome cha mkuyu. Ngakhale jekete labwino la ubweya, kansalu kake kam'kati kawirikawiri kamakhala ka poliyesita, ndiye munthu umakhala ngati wadzikulunga mu jumbo.

Ambirife timavala za pa kaunjika, tisanamizane. Makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malaya atsopano a m'shopu ndi maloto kwa munthu wa malipiro a mphunzitsi. Kaunjika si woipa, malaya anga abwino kwambiri ndinawatola pamulu. Koma tizikumbukira kuti mabelo ambiri amachokera kumaiko ozizira, kwa anthu a matupi akuluakulu, ndipo wogulitsa alibe nazo ntchito kuti inu mumakhala ku Salima. Pamafunika kudekha ngati wofuna kuona maso a nkhono. Ine ndimayamba ndayang'ana kansalu kolembedwa kaja kamene amasokerera m'kati mwa malaya, m'mbali chakumunsi. Pakalembedwa kuti 100% cotton, kapena linen, pamenepo ndiye ndimafunsa mtengo. Linen ndi yozizira kuposa thonje, koma imachita makwinya mukangokhala pansi, choncho ndi ya Loweruka, osati ya munthu wokwera minibasi ya anthu anayi pampando. Kansalu kolembedwako kakakhala kuti kanadulidwa, ndimafumbata malayawo m'manja kwa kanthawi n'kuwasiya: thonje limatsala ndi makwinya, poliyesita amabwerera mwakale ngati palibe chachitika. Kenako ndimawakweza kudzuwa kuti ndione ngati kuwala kukudutsako pang'ono. Njira yotsimikizira ndi ya machesi, pa kaulusi kamodzi kosolola m'mphepete mwa msoko. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa, poliyesita amasungunuka n'kusiya kanthu kolimba kakuda. Koma imeneyi mukachitire kunyumba. Mukayatsa machesi pamulu wa eni ake musanditchule dzina.

Zimandiwawa kuti thonje timalima tokha ku Balaka, ku Salima ndi ku chigwa cha Shire, ndipo ife tikukula nsalu za ku David Whitehead and Sons ku Blantyre zinkaveka dziko lonse, fakitale ija imene inagulitsidwa mu 2003 n'kukhala ya Mapeto. Lero malaya a thonje tikuwafunafuna pamulu wochokera kutsidya la nyanja. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mukagula musathamangire kuvala. Dzerani kaye kwa telala. Pa khonde la golosale ina pamsika wathu pali bambo ena achikulire a makina opalasa ndi phazi, amene andisokera zaka zoposa khumi. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuti msoko wa phewa uzithera pamene phewa lathera, osati pakati pa mkono, kuti buluku lizingokhudza nsapato osati kusesa msewu, ndiponso kuti m'chilimwe chovala chizisiya mpata woti mphepo izizungulira. Tsiku lina ndinawapempha kuti andithinitsire buluku ngati a anyamata amakonowa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, choko chikagwa pansi mudzatola bwanji?" Nkhani inathera pomwepo. Ndi bambo omwewo amene amanditembenuzira kolala ikayamba kuperepeseka, malaya n'kukhalanso chaka china chathunthu. Malaya a pa kaunjika amene adutsa m'manja mwa telala amaoneka odula kuposa a m'shopu amene sanakukwane.

Pa mitundu ndinalakwitsa zaka zambiri. Chakuda chimakoka dzuwa, ndipo kwa ife a choko n'choipa kawiri, chifukwa pofika piriyodi yachitatu umaoneka ngati wachokera ku chigayo. Choyera mbee chimabweza dzuwa ndipo choko sichionekerapo, koma fumbi lofiira limachikonda, makamaka pakolala ndi kumapeto kwa manja. Malaya a mtundu wa phulusa ndi mdani wa munthu wa thukuta, amaulula za m'khwapa 9 koloko isanakwane. Amene ndapeza kuti amapirira ndi a timizeremizere kapena timabokosi ting'onoting'ono ta buluu ndi zoyera, chifukwa diso la munthu limasochera m'mizeremo osaona dontho lililonse. Kumunsi, buluku la khaki kapena la mtundu wa khofi limagwirizana ndi pafupifupi malaya alionse, ndipo fumbi ndi m'bale wake.

Ndiye sabata yanga imayenda motere. Lolemba, tsiku la asembule, ndimavala malaya oyera a manja aatali, buluku la khofi, lamba ndi nsapato zabulawuni, ndi tayi yosafuula. Asembule ikatha tayi imalowa mu dirowa. Ndimamasula batani limodzi la pakhosi, limodzi lokha abale, chifuwa chanu n'cha akunyumba, ndipo manja ndimapinda bwinobwino kawiri mpaka pansi pa chigongono. Pakati pa sabata ndi malaya a mizere aja, ena a manja aafupi, ndi khaki. Koma manja aafupi ndi tayi ine ayi, zimaoneka ngati munthu anasintha maganizo ali pakati povala. Kuzizira kwa m'mawa kuja mankhwala ake ndi juzi yopyapyala, chifukwa juzi imapindika n'kulowa m'chikwama dzuwa likakwera, pamene jekete umayenda nalo tsiku lonse ngati mwana wodwala.

Anyamata amandiseka ndikati azivala vesiti m'kati. Amati kutentha konseku n'kuwonjezeranso china? Koma vesiti yopyapyala ya thonje ndiyo imayamba kumwa thukuta, malaya n'kukhala ouma, osamatirira pamsana. Ikhale yoyera, yopanda zolemba. Ndinaonapo bambo wina pa msonkhano wa makolo atavala sikipa ya kampeni m'kati mwa malaya oyera, nkhope ya phungu ikusuzumira pamimba. Kansalu kopukutira thukuta nako kasamasowe m'thumba. Kakanakhalapo tsiku lija ku chigwa cha Shire bwenzi ndili ndi dzina lina.

Lachisanu ndi la malaya a chitenje. Chizolowezi chimenechi chinakula boma litakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, ndipo n'chimodzi mwa zinthu zochepa zimene ndinaombera m'manja popanda wondiuza. Malaya otere sapisiridwa, ndiye mphepo imalowa kunsi n'kutulukira kukhosi. Chenjerani pokha kuti zitenje zambiri zotchipa masiku ano n'za poliyesita kapena zosakaniza, choncho mayeso a kufumbata aja achitikenso. Komanso chitenje chimalankhula mokweza, ndiye buluku likhale chete: la mtundu umodzi, ndipo mtunduwo muutenge pa umodzi mwa mitundu ya m'chitenjemo. Chitenje kumwamba, chitenje kumunsi, chipewa cha chitenje, munthu umasanduka katani wa pabalaza. Nsalu ya chipani kapena ya mpingo ili ndi malo ake, osati kutsogolo kwa bolodi. Amene chitenje chathunthu chimawachititsa manyazi angauze telala kuti aike kachidutswa kokha pathumba ndi pakolala ya malaya wamba.

Za kumapazi ndinena mwachidule. Nsapato zabulawuni zimabisa fumbi kuposa zakuda. Ngati mungathe khalani ndi mapeya awiri kuti ina izipuma tsiku limodzi n'kuuma m'kati, ndipo masokosi akhale a thonje, tsiku lililonse ena. Masandasi achikopa amakhala bwino Loweruka, ndi malaya a gofu ndi kabudula wofika m'mawondo. Patapata ndi wa kubafa. Ndipo anzanga a dazi ngati langali, chipewa cha mlomo pobwerera kunyumba masana si kunyada ayi.

Zonsezi zili ndi mtengo wake, ndisabise. Malaya a thonje amafuna simbi, ndipo m'chilimwe savalidwa kawiri osachapa. Imeneyinso ndiyo nthawi imene madzi amavuta, mipopi ikungotulutsa mphepo, pa mjigo pali mzere kuyambira mbandakucha. Apa amuna anzanga ndikunenani. Si chilungamo kuti kutchena kukhale kwanu, msana wopweteka ukhale wa mayi a kunyumba. Malaya amodzi safuna madzi ambiri. Madzulo mukangovula, pakani sopo wamtanda pakolala ndi m'khwapa, tikitani, tsukuluzani, n'kuyanika mutawatembenuza, pamthunzi ngati dzuwa likadalipo kuti asasukuluke. Kukamacha auma kale. Kusita ine ndimachita kamodzi, Lamlungu madzulo, magetsi akakhalapo. Akapanda, simbi ya makala ilipo, ngakhale kuti yandiboolerapo malaya awiri ndi kakhala kothawa, ndiye masiku ano ndimayala kansalu koyera pamwamba.

Sindikuti jekete litayidwe kudzala. Pa ukwati, pa maliro, pa intavyu, lili ndi malo ake, ndipo sindingakakhale nkhoswe pa chinkhoswe cha mphwanga nditavala gofu. Koma likhale lopepuka, la mtundu wosada kwambiri, ndipo telala wodziwa ntchito angathe kuchotsa kansalu kam'kati ka kumsana n'kusiya ka m'mapewa ndi m'manja mokha. Langa limakhala pa msomali kuseri kwa chitseko cha sitafu rumu, nditaliphimba kuopa fumbi. Galimoto yachilendo ikaima pa geti ndimalivala, ikanyamuka limabwerera pamalo pake.

Mnyamata uja nditacheza naye bwino anandiululira kuti suti ija ndi ya achimwene ake aakulu. Anabwereka chifukwa anzake anamuopseza kuti odzamuyendera m'kalasi amachotsa malikisi munthu akapezeka wopanda jekete. Ndalonjeza kukapempha a hedi kuti pa msonkhano wa aphunzitsi ukubwerawu anene poyera chimene chikuloledwa teremu ino, anyamatawa asamavule mobisala. Loweruka tagwirizana kukumana pamsika 7 koloko, anthu asanasankhule belo latsopano. Ndamuuza kuti abwere ndi ndalama ya malaya awiri ndi buluku limodzi, ndipo ina aisungire a telala.